Batire la malume, thumba la Urea ndi nkhani ya hayidrojeni

Hayidrojeni ndinayamba kumumva ndi makutu ndisanamuwerenge m'buku. Ndinali Sitandade 7, ndikukhala kwa malume ku Chinamwali. Malume anali owotcherera zitsulo: mafelemu a zitseko, zitsulo za m'mawindo, mbaula, mawilibala, ngolo ikabwera nayonso ankailandira. Pambali pa ntchitoyi ankatchaja mabatire a galimoto omwe anthu a ku Jali ndi ku Songani ankabwera nawo pakaliyala kuti akamverere wailesi kumudzi. Mabatirewo ankawandandalika pansi m'kachipinda kopanda windo kuseri kwa shedi, zitsekerero zili chotsegula, madzi ake akutuwira ngati thobwa loyamba kusasa.

Loweruka lina mnyamata yemwe ankaphunzira ntchito analowa kukatenga batire la kasitomala. Tchaja sanazimitse. Atangokoka chopanira chimodzi panathetheka, kenaka phuu! Tonse panja tinadzigwetsa pansi. Chivindikiro cha batire chinang'ambika pakati, asidi anamwazika pakhoma ndi pamalaya pake. Malume anamugwira pakhosi ngati mbuzi, kumukokera pampopi, n'kumuthira madzi kumaso kwa nthawi yaitali osamumvera kulira kwake. Maso anapulumuka. Malaya aja kutacha anali sefa.

Madzulo tikudya ndinafunsa kuti, “Malume, chinaphulika chija n'chiyani poti munalibe petulo?”

“Batire likamadya moto limapuma, mphwanga,” anatero. “Mpweya wakewo sununkha, suoneka, koma sugwirizana ndi moto.” Dzina lake sankalidziwa. Lolemba anaboola khoma la kachipinda kaja pamwamba penipeni, pafupi ndi malata, n'kuikapo njerwa zamabowo. Patapita zaka ndi pomwe ndinazindikira kuti anaboola pamalo oyenera ndendende: hayidrojeni ndi wopepuka kuposa mpweya wina uliwonse, amathawira kudenga n'kukaunjikana komweko.

Lero ndine mphunzitsi wa Chemistry pasekondale ina yoyendera kunja kwa tauni ya Zomba, ndipo chaka chilichonse ndimaonetsa ana a Fomu 3 mpweya womwewu. Labu yathu ndi kabati imodzi, choncho ndimagwiritsa ntchito zomwe zilipo: mapensulo awiri osongola mbali zonse, kabatire ka mavoti 9, tiwaya tiwiri, ndi tambula ya madzi osungunuliramo soda wophikira therere. Mchere sindiulola, umatulutsa klorini. Mukangolumikiza, kunsonga za mapensulo kumayamba kutuluka timathovu, mbali ina tambiri kuposa inzake. Tambirito ndiye hayidrojeni, tochepato okosijeni. Magetsi ang'amba madzi. Tikatolera mpweyawo m'kabotolo kozondotsa n'kuyandikiza machesi, kumamveka kaphokoso kakuti pho, ndipo kalasi yonse imafuna kuti tibwerezenso.

Chaka chatha mtsikana wina wa kumbuyo anakweza mkono. “Sala, ndiye madzi onse ali m'damu la Mulunguzi aja ndi mafuta? Nanga bwanji tikugona pamizere ya petulo?” Anzake anaseka, koma funsolo ndi lomwe maboma akuluakulu akuliponyera mabiliyoni. Ndinamuyankha kuti madziwo si mafuta. Mafuta ali m'kabatire kaja. Hayidrojeni ali ngati thumba lonyamulira mphamvu ya magetsi, ndipo thumbalo limadontha: kuti mupeze kilogalamu imodzi mumathira mayunitsi a magetsi pakati pa 50 ndi 55, koma mukaiwotcha imakubwezerani mayunitsi 33 okha.

Hayidrojeni si chinthu chachilendo m'mafakitale. Dziko lonse limapanga matani oposa 95 miliyoni pachaka, ambiri oyengera mafuta a galimoto ndi kupangira amoniya wa feteleza. Vuto ndi lakuti pafupifupi yenseyo amachokera ku gasi wa pansi panthaka ndi malasha, ndipo popanga pamatuluka utsi wambiri womwe ukusokoneza nyengo. Yemwe akumutcha woyera, kapena wobiriwira, ndi wa mapensulo anga uja atakula: madzi ong'ambidwa ndi magetsi a dzuwa, mphepo kapena mathithi, m'makina otchedwa electrolyser. Pakadali pano sakwana ngakhale gawo limodzi pa 100 aliwonse, chifukwa ndi wodula kawiri kapena katatu kuposa wa gasi, nthawi zina kuposa pamenepo.

Ngakhale zili choncho, anzathu ayamba kale kupalasa. Mu 2022 mayiko a Egypt, Kenya, Mauritania, Morocco, Namibia ndi South Africa anakhazikitsa mgwirizano wa Africa Green Hydrogen Alliance. Boma la Namibia mu May 2023 linasainirana ndi kampani ya Hyphen za chintchito cha hayidrojeni pafupi ndi Lüderitz, cha ndalama pafupifupi madola 10 biliyoni, zomwe sizikusiyana kwambiri ndi chuma chomwe dzikolo limapanga pachaka. Kampaniyo inalonjeza ntchito 15,000 pomanga ndi 3,000 zokhalitsa, zambiri za eni dziko. Malonjezo a makampani ndimawamva ndi khutu limodzi, ndipo ntchito zambiri za hayidrojeni padziko lapansi zachedwa kapena kuimikidwa posowa ogula. Chomwe chinandikoka mtima ndi china: a Namibia anayamba kuphunzitsa anthu fakitale isanaime. Ndi ndalama za boma la Germany anatsegula thumba la maphunziro lotchedwa Youth for Green Hydrogen, ndipo m'thumbamo munalowa a digiri yachiwiri pamodzi ndi a ntchito zamanja. Ku Walvis Bay kampani ya Cleanergy inamanga sukulu yake pambali penipeni pa makina. South Africa inayamba kale kwambiri, cha m'ma 2008, ndi pulogalamu ya HySA m'mayunivesite, chifukwa pulatinamu wofunika m'makina ambiri oterewa ali m'migodi yawo.

Kuno nkhaniyi inandipeza kudzera m'msonkhano wa masiku awiri pahotela ina kunyanja, komwe ndinapita m'malo mwa ahedi. Mutu wake unali maluso a mphamvu zatsopano, ndipo hayidrojeni anatenga masana onse a tsiku loyamba. Tinaona zithunzi zokongola za mapaipi obiriwira. Tinagawidwa m'magulu, tinalemba pamapepala akuluakulu, tinawamata pakhoma, tinasainira maalawansi. M'chipindamo tinalimo anthu oposa 40, ndipo nditayang'ana manja a aliyense panthawi ya tiyi sindinapeze ngakhale chala chimodzi chokhala ndi chipsera cha moto. Gulu lathu linalemba kuti pakhazikitsidwe digiri ya hayidrojeni. Ine ndi amene ndinagwira cholembera, ndiye mlanduwu sindikukankhira ena.

M'minibasi pobwerera ndinatenga envelopu ya alawansi ija n'kuyamba kuwerengera kuseri kwake, ndipo masamu ake ndi omwe anandisintha maganizo. Mmalawi akafunsa kuti hayidrojeni amupindulira chiyani, yankho loona si galimoto. Ndi feteleza. Thumba la Urea la makilogalamu 50, wobereketsa uja, limafuna hayidrojeni wokwana makilogalamu 5 kuti lipangidwe. Amamuphatikiza ndi nayitrojeni wa mumlengalenga kukhala amoniya, amoniyayo n'kumuphatikiza ndi mpweya wa kaboni. Makilogalamu 5 amenewo ndi malita a madzi osachepera 45, zomwe si kanthu, ndi ndowa ziwiri ndi pang'ono. Koma magetsi ake ndi mayunitsi oposa 250 musanawerengere makina ena onse. Nyumba yanga ku Matawale simaliza mayunitsi amenewo m'miyezi iwiri. Ndinapitiriza. Sola ya ku Salima, ya mamegawati 60, mutaipatula kuti isawalitse nyumba ngakhale imodzi koma ingopanga Urea chaka chonse, mwa kuwerengera kwanga kwa paminibasi ingapange matumba pafupifupi 500,000 okha. Pulogalamu ya feteleza wotsika mtengo ya AIP itayamba mu 2020 inkafikira mabanja oposa 3 miliyoni. Ndiye kuti Salima yense sangapatse thumba ngakhale banja limodzi mwa mabanja 6.

Tsono tiyang'ane pomwe taima. Magetsi athu ambiri akuchokera pamtsinje umodzi, Shire: Nkula, Tedzani, Kapichira. Namondwe Ana atagumula damu la Kapichira mu January 2022 tinataya mamegawati pafupifupi 130 usiku umodzi, ndipo tonse tikukumbukira mdima womwe unatsatira kwa chaka ndi miyezi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba 11 zokha pa 100 zilizonse ndi zomwe zinkaunikira magetsi. Munthu wondiuza kuti posachedwapa tizigulitsa hayidrojeni ku Ulaya ndimamufunsa kuti kwawo magetsi anazima liti komaliza.

Komabe sindikuti nkhaniyi ndi maloto a chumba. Ku Kwekwe, ku Zimbabwe konkuno, fakitale ya Sable Chemicals inang'amba madzi ndi magetsi a ku Kariba kuyambira 1972 mpaka 2015, n'kumapanga feteleza wa ammonium nitrate yemwe alimi a kumeneko anakolola naye chimanga zaka zonsezo. Nthawi imeneyo palibe ankamutcha wobiriwira. Makinawo anawazimitsa chifukwa ankadya magetsi oyandikira mamegawati 100 m'dziko lomwe magetsi anali atayamba kuperewera. Zinthu ziwiri ndimatolapo: zinatheka kufupi ndi kwathu kwa zaka zoposa 40, ndipo chinazipha ndi chomwe chikutivuta ifeyo. Damu la magetsi la Mpatamanga likadzatha ndi mamegawati ake oposa 350, nthambo za ku Mozambique zikamagwira bwino ntchito, masola akachuluka mpaka masana magetsi n'kumatsala, kafakitale kakang'ono ka amoniya sikadzakhala nthano. Ngakhale mpweya wa kaboni wofunika pa Urea umatuluka kale popanga ethanol ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Feteleza yemwe lero amadutsa ku Beira ndi ku Nacala, n'kutipeza thumba litapyola K100,000, ndi chifukwa chokwanira choti nkhaniyi tisaitaye kudzala.

Funso langa ndi lakuti tsikulo likadzafika, adzagwire sipanala ndani?

Tangolowani m'fakitale yotereyi m'maganizo. Akatswiri a digiri alimo, koma ndi ochepa, okwana patebulo limodzi. Ena onse ndi amisiri omwe mayina a ntchito zawo timawadziwa kale. Pali wamagetsi wodziwa mathiransifoma ndi makina osandutsa magetsi a pathambo kukhala onga a batire, poti electrolyser imadya oterowo. Pali woyeretsa madzi, chifukwa madzi a pampopi omwe timamwa bwinobwino amaononga makinawa. Amafunika ochotsedwa mchere wonse, oposa aja timathira m'batire. Pali woika ndi kuyesa timakina toyeza kutentha, kupanikizika kwa mpweya ndi kudontha. Pali makaniko wa makompuresa. Pali woyala mapaipi ndi wowotcherera. Palinso dalaivala wa thanki, ndi ozimitsa moto a khonsolo omwe ayenera kudziwa kuti moto uwu sauthamangira ndi madzi asanatseke komwe mpweya ukuchokera. Palibe ntchito yachilendo pamenepa. Chachilendo ndi muyezo wake, chifukwa hayidrojeni sakhululuka pomwe mpweya wina umakhululuka.

Ndi kanthu kakang'onong'ono kuposa china chilichonse, moti polumikizira pomwe madzi sadontha, pomwe ngakhale gasi wophikira sadutsa, iye amapeza njira. Amalowa ngakhale m'kati mwa chitsulo chenichenicho n'kuchifooketsa mpaka chimathyoka ngati bisiketi, choncho si paipi iliyonse yomwe ingamunyamule. Nthunzi ya petulo imayaka ikakhala pakati pa magawo 1 ndi 8 pa 100 a mpweya wa m'chipinda. Ikachuluka kuposa apo siyaka. Hayidrojeni amayaka kuyambira magawo 4 mpaka 75, ndipo kamoto kothetheka pajuzi ya nayiloni n'kokwanira kumuyatsa. Lawi lake masana silioneka. Ogwira ntchito ku NASA, bungwe la ku America la maulendo a kumwezi, kale ankayenda atatsogoza tsache la udzu: tsache likayaka lokha, adziwa kuti kutsogoloko kuli moto. Ndiye pali kupanikiza. Tayala la galimoto yaing'ono timapopa mabaa awiri ndi pang'ono. Popanga amoniya pamafunika mabaa 150 kupita m'mwamba, ndipo thanki ya galimoto yoyendera hayidrojeni imafika 700. Pamenepo mawu athu aja akuti “zigwira, bwana, mukaona vuto mudzabwere nazo” alibe malo.

Apa ndiye pakubwera msuweni wanga, mwana wa malume aja, yemwe anatsala ndi shedi iwo atamwalira. Ndimuchitire umboni: dzanja lake ndi labwino. Msoko wake umaoneka ngati mamba a chambo, ndipo theka la mageti a m'dera lathu ndi ake. Wawotcherera zaka zoposa 20. Zaka zingapo zapitazo kontilakitala wina ankafuna owotcherera mapaipi pantchito ina yaikulu kumwera kuno, malipiro ake a mwezi oposa zomwe shedi imapeza m'miyezi itatu. Anapita ndi mtima wonse. Anamupatsa zidutswa ziwiri za paipi zomangidwa mopendekeka, osaloledwa kuzitembenuza, kuti azungulire yekha pansi, m'mbali ndi pamwamba. Mayeso amenewa amawatcha 6G. Anawotcherera, msoko unaoneka bwino, iye n'kuvula chigoba akumwetulira. Woyesayo sanayang'ane n'komwe kukongolako. Anadula timizere pamsokopo, n'kutipinda pamakina ngati chibangiri. Kachiwiri kanang'ambika, ndipo m'kati munali timabowo ngati buledi.

Anabwera kwathu usiku womwewo ali wakuda kumaso. “Asuweni, zaka zonsezi anthu akhala akundiyamikira kunja kwa msoko. M'kati sindinaonemo n'kamodzi komwe.” Ntchito ija anaitenga anthu obwera ndi mapepala a coded welder, osonyeza kuti anakhoza mayeso otere, ochokera kunja, ndipo a kuno anapatsidwa yonyamula ndi kupala ndi gilainda.

Titafufuza chomwe chinalakwika, ndinaseka mwachisoni. Kushedi amagwiritsa ntchito malodi a 6013, omwe sasankha, mumangowasiya pawindo. Pamayeso anapatsidwa a 7018, omwe amafuna kagwiridwe kena, lawi lalifupi kwambiri, ndipo sagwirizana ndi chinyontho. Malodi amenewa amawatcha a hayidrojeni wochepa. Akayamwa chinyezi, moto wa powotcherera umang'amba madziwo monga mapensulo anga aja, hayidrojeni n'kulowa m'chitsulo chosungunuka. Chikazizira amasiya timabowo, kapena mng'alu womwe umatulukira patapita tsiku. N'chifukwa chake amasungidwa mu uvuni wotentha madigiri pafupifupi 120. Ndiye kuti mpweya womwe unaphulitsa batire la bambo ake ndi womwewo umadikirira mwana m'kati mwa msoko, ndipo onse awiri palibe anawauzapo dzina lake. Kuno ku Zomba, komwe chifunga chimatsika m'phiri mwezi wa June mpaka zovala kukana kuuma, malodi osasamalidwa amanyowa sabata isanathe.

Kuyambira pamenepo maganizo anga pa digiri ija anatembenuka. Sindikudana ndi yunivesite. Ndinaphunzira ku Chirunga konkuno, ndipo Chemistry ya kumeneko ndi yomwe ikundidyetsa. Tikufunika anthu angapo ozama pa electrolyser, ndipo UNIMA, MUBAS, MUST ndi Mzuni angathe kuwaphunzitsa mwa kuwonjezera phunziro limodzi kapena awiri pa zomwe alinazo kale. Koma kutsegula digiri yathunthu ya fakitale yomwe kulibe ndi kuchulukitsa achinyamata oyenda ndi maenvelopu akhaki m'tauni. Ndalama yomweyo itapita kwa amisiri ingabweze phindu mawa lomwe, hayidrojeni abwere asabwere.

Nyumba yoikamo ntchitoyi ilipo kale. TEVETA inakhazikitsidwa mu 1999, ndipo olemba anthu ntchito amapereka gawo limodzi pa 100 la malipiro a antchito awo kuthumba la maphunziro a ntchito zamanja. M'boma lathu lino muli Nasawa Technical College. Kwina kuli Soche, Lilongwe, Salima, Namitete, Mzuzu ndi Livingstonia, kuphatikizapo makoleji a m'madera omwe anayamba mu 2015. Palinso njira yoti mmisiri wophunzirira pansi pa mtengo ayesedwe n'kupatsidwa satifiketi pa zomwe akudziwa kale. Chomwe ndikupempha ndi kansanjika kamodzi pamwamba pa zimenezi. Pakhale malo ngakhale amodzi chigawo chilichonse pomwe wowotcherera angayesedwe pa muyezo womwe kontilakitala wa kunja amauvomereza, monga ISO 9606 kapena ASME, pali makina opinda ndi ounika m'kati mwa msoko, osachita kulota za ulendo wa ku Southern African Institute of Welding ku Johannesburg. Ndipo oyamba kupita kukaphunzira akhale alangizi a m'makolejiwo, akakhale miyezi m'fakitale yeniyeni ya gasi, chifukwa munthu sangaphunzitse kuopa chinthu chomwe sanaimepo pafupi nacho.

Mwina wina afunsa kuti adzayesera pati poti hayidrojeniyo kulibe. Mipweya yopanikizidwa tili nayo kale, ndipo ikutivuta kale. Gasi wophikira akulowa m'makomo ambiri m'tauni pomwe makala akukwera mtengo ndipo phiri lathu likumetedwa. Woika paipi ya gasi pasukulu yogonera kapena palesitilanti amafunika mwambo womwewo woyeza kudontha, kutsegula mpata wa mpweya ndi kulemba zomwe wapeza. Okosijeni wa m'zipatala tonse tinaona kufunika kwake mu January 2021, Covid itafika poipa, ndipo makina opanga okosijeni amafuna amisiri a makompuresa ndi mapaipi aukhondo osakhudzidwa ndi girizi. Ndikumbutse pano kuti electrolyser ikatulutsa kilogalamu imodzi ya hayidrojeni imatulutsanso makilogalamu 8 a okosijeni. Mabayila a m'mafakitale a shuga ndi tiyi, masola a ku Salima ndi ku Golomoti komwe kuli mabatire akuluakulu, mapaipi a madzi ochokera ku Mulunguzi, Mpatamanga yemwe akubwerayo: monsemu mukufunika manja omwewo. Mnyamata kapena mtsikana wodziwa zimenezi, hayidrojeni akadzafika adzangofunika milungu yowerengeka yophunzira khalidwe la mpweya watsopanowo.

Ndati mtsikana mwadala. Uja anafunsa za Mulunguzi ndi amene amalumikiza mawaya mwaukhondo kuposa anyamata onse m'kalasi mwake, ndipo ndi yekhayo amene amalemba zomwe waona asanafunsidwe. Ntchito yoyesa ndi kukonza timakina toyezera imafuna munthu wotero. Nditauza mayi ake pamsonkhano wa makolo kuti aganizire za koleji ya ntchito zamanja, anandiyang'ana ngati ndamutukwana mwanayo. “Aphunzitsi, mwana wanga wakhoza bwino chonchi ndiye akagwire mawaya?” Sindinawadzudzule. Ifeyo aphunzitsi ndi amene takhala tikuopseza ana kuti akalephera adzathera ku ukalipentala.

Pali chinanso chomwe sichifuna ndalama zambiri: chiyankhulo. Malamulo a chitetezo onse omwe ndawaonapo pamakoma a malo antchito ali m'Chingerezi, pomwe ogwira ntchito amakambirana m'Chichewa kapena m'Chiyao. Malume ananena kuti batire limapuma, ndipo ine mwana wa Sitandade 7 ndinamva n'kusunga mpaka lero. Ophunzitsa za gasi atapeza mawu otero pa chilichonse, kuti mpweya uwu umathawira kudenga, uja wophikira umakwawa pansi, okosijeni amadana ndi mafuta, anthu angasunge kusiyana ndi chikwangwani cha mawu 30 chomwe sachiwerenga. Chovuta kwambiri kuphunzitsa ndi mtima woimitsa ntchito. Pachikhalidwe chathu wamng'ono sauza wamkulu kuti “imani kaye, apa pakudontha.” M'fakitale ya hayidrojeni wophunzira ntchito wa miyezi itatu ayenera kutha kunena zimenezo kwa kapitawo wa imvi, ndipo kapitawoyo ayenera kuima. Izi siziphunzitsika pa bolodi. Zimalowa m'magazi pogwira ntchito pamalo pomwe zimachitikadi.

Ndikudziwa chomwe ena anene: mukawapatsa mapepala ovomerezeka kunja, athawa. Ena adzapitadi, ku Walvis Bay, ku Pemba, ku Joni. Walira mvula walira matope. Koma agogo athu ankapita ku Theba ndi mapewa okha, ndipo adzukulu awo lero akukwera mabasi a ku Joni kukagwira ntchito za m'minda ya maluwa ndi m'makhitchini opanda pepala lililonse. Ngati munthu n'kupita, bola apite ndi satifiketi ya 6G m'thumba, azitumiza ndalama zooneka, ndipo tsiku lomwe kwathu kudzafunike manja ake tidzadziwe komuitana.

Msuweni wanga sanadikire zonsezi. Anagula kuka yakale yomwe mbale zake zapamwamba zinafa koma uvuni ukugwira, n'kuiika pakona pa shedi, pansi pa njerwa zamabowo zija za malume. Malodi a 7018 amagula paketi imodzi akapeza ndalama, ndipo amagona mu uvunimo. Anadzipangira chopindira ndi jeke wa lole ndi zidutswa za njanji. Madzulo aliwonse akamaliza mageti amawotcherera tizidutswa ta paipi, kudula, kupinda, n'kuponya m'ndowa ziwiri: yang'ambika, sinang'ambike. Ndowa yoyamba idakali yodzaza kuposa inzake.

Lachisanu lapitali ndinamupeza atatenga pepala la ndondomeko ya kawotcheredwe lomwe mnzake wina anamutumizira pa WhatsApp, lonse m'Chingerezi cha mainjiniya. “Asuweni, inu ndi a sukulu, tandimasulireni apa akuti interpass temperature.” Tinakhala pabenchi, ine ndikumasulira, iye akundikonza pomwe mawu anga sakugwirizana ndi zomwe chitsulo chimachita. Tili pamzere wachinayi, magetsi anazima. Sanatukwane n'komwe. Anadzuka msangamsanga, kuvala magulovu, kutulutsa malodi ali otentha, kuwalonga m'chidutswa cha paipi chomwe anachiwotcherera mbali imodzi, n'kutseka mbali inayo ndi chitsekerero cha mazinga. Kenaka anayatsa tochi ya pafoni, n'kundipatsa kuti ndigwire, tipitirize mzere wachisanu.